Misika ya m'misewu ya ku Thailand: kodi munthu amadya chiyani masana dzuwa likaswa mtengo?

Mayi Nasibeko, Lilongwe:
Moni nonse a m'gulu lino. Mwezi wa Epulo ndikupita ku Bangkok kukapikula zovala ku Pratunam, ndipo aka kakhala koyamba kuti ndiponde dziko la Thailand. Mnzanga amene ndimayenera kuyenda naye walephera chifukwa cha matenda a pakhomo, choncho ndiyenda ndekha. Ndamva kuti mwezi umenewu ndi wotentha kuposa miyezi yonse kumeneko, ndipo abale ena andichenjeza kuti ndisalawe kanthu kalikonse ka m'misewu, ndizingodya kuhotela. Zimenezi zandivuta kuzimvetsa, chifukwa ine ndinakulira pabenchi ya amayi anga mumsika, ndipo ndimadziwa kuti dziko la eni umalidziwa bwino ukaona zimene anthu wamba amagula ndi kudya. Ndikupempha inu amene mukukhala kumeneko, kapena amene munapitako, kuti mundiuze mmene mumachitira masana kukatentha, misika imene mumapitako, ndiponso zakudya zimene mlendo angayambire popanda kudziputira mavuto a m'mimba.

Bambo Jere, Bangkok:
Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Ine ndili kuno pasukulu ndipo chino ndi chaka changa chachitatu. Choyamba muyenera kudziwa kuti kutentha kwa kuno n'kosiyana ndi kwa ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala. Kwathu dzuwa limawotcha ndithu, koma mukakhala pansi pa mtengo wa mango mumapezako mpumulo. Kuno mpweya umakhala wachinyezi, thukuta siliuma pathupi, ndipo mu Epulo masana kumafika madigiri 35 kapena kuposerapo, moti ngakhale pamthunzi malaya amamatirira pamsana. Chifukwa cha ichi, malonda anu muziwachita m'mawa, ndipo dzuwa likafika paliwombo muzichita zimene eni dziko amachita, zomwe ndi kuyenda pang'onopang'ono, kukhala pamthunzi, ndi kudya pang'onopang'ono koma kawirikawiri.

Chimene ndikukulangizani kuti muyambire ndi kangolo ka zipatso. Mudzakaona paliponse, ngakhale pakhomo penipeni pa masitolo a ku Pratunam. Kamakhala ndi bokosi lagalasi, ndipo m'kati mwake zipatso zosenda kale zimagona pa madzi oundana: nanazi, vwende, papaya wakupsa, gwafa ndi mango aawisi. Mukaloza chimene mukufuna, wogulitsa amachitenga, n'kuchiduladula ndi mpeni mofulumira kwambiri, zidutswa n'kumagwera m'kajumbo, kenako amabayamo kamtengo kosongoka kodyera. Pamwamba amakuikirani kathumba kakang'ono ka mchere wosakaniza ndi shuga ndi tsabola, kamene amakatcha prik kluea. Tsiku loyamba nditakalandira ndinakumbuka ubwana wanga ku Karonga, pamene tinkadya mango osapsa ndi mchere ndi tsabola titabisala kuseri kwa nyumba. Kuno akuluakulu amadya zimenezi poyera, ndipo zimathandiza, chifukwa mchere umene watuluka ndi thukuta umabwereramo m'thupi. Kajumbo kamodzi ka zipatso nthawi zambiri ndi ma baht 20 (baht ndi ndalama ya kuno) kapena kuposerapo pang'ono. Gwafa wawo ndi wamkulu, woyera m'kati ndiponso wolimba, ndipo dzina lake ndi farang, liwu lomwelo limene amatchulira azungu.

Bambo Tembo, Chipata:
Ine ndisiyane pang'ono ndi a Jere. Ndapitako kanayi pa nkhani za malonda, ndipo ulendo wachiwiri ndinagona masiku awiri m'chipinda chifukwa cha m'mimba, nditadya nyama imene inali itakhalitsa pachiwaya china m'mbali mwa msewu. Masiku awiri amenewo anali a ndalama, chifukwa katundu sindinagule ndipo tikiti yandege sinadikire. Mayi Nasibeko akupita kukagwira ntchito ndipo ali okha, kotero kuti akadwala palibe wowathamangira. Pafupi ndi pamene azikagula pali masitolo akuluakulu okhala ndi makina oziziritsa mpweya, ndipo m'mwamba mwake muli malo odyera amene amagulitsa zakudya zomwezo za m'misewu, koma munthu atakhala pampando, pamalo ozizira. Mtengo wake sukwera kwambiri. Ine sindiona chifukwa choti munthu azizunzika padzuwa pamene njira ina ilipo.

Mayi Nachanza, Manchester:
A Tembo akunena zoona pa mbali ya kusamala, ndipo ine monga namwino sindingawatsutse pamenepo. Komabe ndinakhalako milungu itatu kukachezera mwana wanga, ndipo ndinkadya pamsika tsiku lililonse osadwala, chifukwa ndinkatsatira zinthu zimene tonse timazidziwa kale kuchokera kwathu. Chakudya chimene chaphikidwa inu mukuona, n'kuchoka pamoto kulowa m'mbale yanu chikufuka nthunzi, sichikhala ndi vuto kawirikawiri. Choopsa ndi chimene chaphikidwa m'mawa n'kumangokhala poyera mpaka madzulo, monga chimene chinakugwetsani inu bambo. Muziyang'ananso kumene kuli mzere wa anthu a komweko, makamaka amayi ndi anthu ovala zakuntchito, chifukwa pamenepo chakudya sichigona.

Madzi a pampopi anthu ambiri samwa, amagula a m'botolo. Madzi oundana amene amaika mu zakumwa, ooneka ngati kapaipi kokhala ndi bowo pakati, amapangidwa kufakitale ndi madzi oyeretsedwa, ndipo ine sanandivutepo. Chimene ndikuchenjezani kwambiri mayi ndi nsomba kapena nkhanu zosaphika. Saladi wawo wotchuka wa papaya wamuwisi, wotchedwa som tam, ali ndi mitundu ingapo, ndipo wina amathiramo nkhanu zaziwisi zoviikidwa mumchere kapena nsomba zosasitsa. Mlendo ayambire wotchedwa som tam thai, amene amaikamo mtedza wokazinga. Mutengenso timapaketi ta Thanzi m'chikwama chanu. Mukamva mutu ukupweteka, chizungulire, kapena mukaona kuti mkodzo wachepa ndipo wada, musadikire, lowani pamalo ozizira ndipo mumwe madzi pang'onopang'ono.

Mphunzitsi Nagama, Chiang Mai:
Ndalowa mochedwa chifukwa ndinali m'kalasi, koma nkhani iyi yandikhudza mtima. A Tembo, zimene mumadya m'sitolo yoziziritsidwa zikhoza kukhala ndi dzina lomwelo, koma pali chinthu chimene mumataya, ndipo Mayi Nasibeko amene anakulira mumsika achimvetsa. Ndifotokoze za som tam amene Mayi Nachanza atchula. Pafupi ndi sukulu imene ndimaphunzitsa pali mayi wina wochokera ku Isan, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kumene chakudyachi chimakondedwa kwambiri. Ali ndi mtondo wadothi ndi munsi wamtengo, ndipo musanamuone mumayamba mwamva kugunda kwake. Amayamba ndi adyo ndi tsabola, n'kukuyang'anani kumaso akukweza zala kufunsa kuti aike tsabola angati. Kenako amathira zitheba zazitali, tomato, shuga wochokera ku mitengo ya kanjedza, madzi a ndimu, msuzi wa nsomba umene amautcha nam pla, ndipo pomaliza papaya wamuwisi wopalidwa ngati tizingwe. Dzanja limodzi limasinja, lina likutembenuza ndi sipuni. Asanakupatseni amakulawitsani, ndipo mukanena kuti ndimu wachepa amawonjezera osanyinyirika. Mbale iliyonse imapangidwira munthu mmodzi amene waima patsogolo pake. Kuwawasa kwa ndimu, mchere ndi tsabola zimadzutsa m'kamwa pa nthawi imene kutentha kwapha chilakolako cha chakudya, ndipo ndaona kuti ichi ndicho chifukwa chake anthu amamukonda masana.

Epulo ndi mwezi wa mango, choncho mayi mukupita pa nthawi yabwino. Musabwereko musanadye khao niao mamuang, womwe ndi mpunga womata wophika ndi nthunzi, wonyowetsedwa ndi mkaka wa kokonati wothira shuga ndi mchere pang'ono, n'kuikapo mango akupsa pambali. Mango amene amakonda kugwiritsa ntchito ndi a mtundu wa Ok Rong ndi Nam Dok Mai, ndipo a Nam Dok Mai alibe ulusi wambiri, mosiyana ndi mango athu a kumudzi. Palinso chakudya china cha nyengo yotentha yokha, chotchedwa khao chae. Uwu ndi mpunga wophika umene amauviika m'madzi ozizira onunkhiritsidwa ndi maluwa a jasmine, ndipo umadyedwa ndi tindiwo tating'onoting'ono tokazinga ndi totsekemera. Chinachokera kwa anthu a mtundu wa Mon, kenako chinalowa m'nyumba yachifumu, ndipo mzinda wa Phetchaburi ndi wotchuka nacho. Poyamba ndinkaona ngati n'zachilendo kudya mpunga wa m'madzi, koma munthu akadya thupi limazizira kuchokera m'kati.

Che Saidi, Mangochi:
Ndikuwerenga mwachidwi chifukwa nanenso ndikuganiza zopita chaka chamawa. Funso langa ndi la chipembedzo. Ndamva kuti anthu a kumeneko amadya kwambiri nyama ya nkhumba, ndipo ndikuopa kuti ngakhale zakudya zooneka ngati za nkhuku kapena zamasamba zikhoza kuphikidwa pachiwaya chimodzi. Kodi Msilamu angadye chiyani pamsika ndi mtima wokhazikika?

Bambo Jere, Bangkok:
Che Saidi, nkhawa yanu ndi yomveka. Nyama ya nkhumba amaitcha mu, ndipo kanyenya wofala kwambiri m'misewu, wotchedwa mu ping, ndi wa nkhumba yootchedwa pamakala. Imapezekanso yogayidwa m'zakudya zina zimene simungaziganizire. Koma ku Thailand kuli Asilamu ambiri, makamaka kummwera, ndipo mu Bangkok muli mizikiti yochuluka. Kufupi ndi mizikiti kumakhala ogulitsa achisilamu, ndipo mudzawazindikira ndi amayi ovala hijabu kapena chizindikiro cha halal pangolo yawo. Iwo amagulitsa khao mok kai, womwe ndi mpunga wachikasu wophikidwa ndi nkhuku, wofananako ndi biriyani. Amagulitsanso roti, imene amaitambasula mpaka kupyapyala ngati pepala, n'kuikazinga ndi nthochi ndi dzira, pamwamba n'kuthira mkaka wa kondensi. Ku Pratunam kumafika amalonda ambiri a ku Africa, ku South Asia ndi ku Middle East, choncho malo odyera a halal savuta kuwapeza. Zipatso, madzi a nzimbe ofinyidwa pomwepo ndi madzi a kokonati wanthete, zimenezo mungagule kwa aliyense.

Pa kokonati ndionjezepo mawu. Wogulitsa amamusunga m'madzi oundana, ndipo mukagula amamutema katatu kapena kanayi pamwamba ndi chikwanje, n'kutsegula ngati chivindikiro. Mukamaliza kumwa mumapala mnofu wofewa wa m'kati ndi sipuni. Pa zakumwa zonse za kuno, ichi ndicho chimene chimathetsadi ludzu. Tiyi wawo wozizira wooneka wofiirira ngati lalanje, wotchedwa cha yen, ndi wokoma, koma shuga ndi kondensi zimachuluka kwambiri moti ludzu limabweranso msanga. Mukanena kuti wan noi, wogulitsa amachepetsa shuga.

Mayi Nasibeko, Lilongwe:
Ndikulemba zonsezi m'kabuku. Ndili ndi mafunso ena awiri. Kodi pamsika wa zakudya amanenerera mitengo monga timachitira kwathu? Ndiponso ngati nditapeza tsiku limodzi lopuma, ndipite kumsika uti?

Bambo Tembo, Chipata:
Pa zovala nenererani, makamaka mukamagula zambiri, koma pa chakudya musayerekeze. Mtengo wa mbale ndi womwewo kwa aliyense, ndipo kunenerera kumaoneka ngati kunyoza thukuta la wophika. Muzikhala ndi ndalama zing'onozing'ono m'manja, chifukwa eni dziko ambiri amalipira pafoni kudzera pa PromptPay, njira imene nthawi zambiri imafuna akaunti ya banki ya komweko, ndipo wogulitsa zipatso sangakondwe mutamupatsa pepala la ma baht 1,000. Ngakhale ndinanena zija poyamba, ndivomere kuti msika wa Chatuchak ndi wofunika kuuona kwa munthu wamalonda. Umatsegulidwa mokwanira Loweruka ndi Lamlungu, uli ndi timasitolo masauzande ambiri, ndipo sitima ya m'mwamba imakutsitsani pa siteshoni ya Mo Chit. Koma mufike m'mawa, chifukwa masana tinjira ta m'kati mwake timatentha ngati uvuni wa njerwa.

Bambo Jere, Bangkok:
Ku Chatuchak masana chimene chimapulumutsa anthu ndi ayisikirimu wa kokonati, amene amamuika m'chikamba cha kokonati yemweyo n'kuwazapo mtedza. M'madera ena amamuika m'kati mwa banzi pamodzi ndi mpunga womata. Kutentha kukakula, wolokani msewu mupite ku Or Tor Kor, msika wa zokolola umene uli pafupi ndi siteshoni ya Kamphaeng Phet. Uli ndi denga lalitali, ndi waukhondo, ndipo ngakhale mitengo yake ndi yokwererapo, mudzaonako zipatso zabwino koposa, kuphatikizapo durian, chipatso chaminga chimene fungo lake ndi lamphamvu moti saloleza kulowa nacho m'sitima za mumzinda ndi m'mahotela ambiri.

Koma ine msika umene ndimaukonda ndi Wang Lang, tsidya lina la mtsinje wa Chao Phraya, pafupi ndi chipatala cha Siriraj. Mumawoloka paboti, ndipo kamphepo ka pamtsinje kokha ndi mankhwala. Amene amagula kumeneko ndi anamwino, ophunzira ndi abale a odwala, choncho mitengo ndi ya anthu wamba. Mudzapezako nthochi zokazinga zotchedwa kluai khaek, zimene amaziviika mu ufa wa mpunga wosakaniza ndi kokonati ndi chitowe. Zimakumbutsa zitumbuwa, koma nthochi zake samazisinja, amangozilenga m'litali. Mudzaonanso timaswiti tachikasu ta mazira, monga foi thong tooneka ngati ulusi wagolide, timene mbiri imati tinafalitsidwa ndi Maria Guyomar de Pinha, mayi wa magazi achipwitikizi ndi achijapani amene ankakhala ku Ayutthaya, likulu lakale la dzikoli, m'nthawi ya Mfumu Narai, m'zaka za m'ma 1600.

Mphunzitsi Nagama, Chiang Mai:
Pali chinthu chimene sitinatchule ndipo chikhoza kusokoneza ulendo wonse. Kuyambira pa 13 mpaka pa 15 Epulo ndi Songkran, chaka chatsopano cha chikhalidwe chawo. Anthu amathirana madzi m'misewu, ndipo mlendo sasiyidwa. Ogwira ntchito ambiri amabwerera kumidzi kwawo kukaona makolo, kotero kuti masitolo ambiri opikulitsa amatseka kwa masiku angapo. Ngati cholinga chanu ndi katundu, konzani masiku anu kuti asagwere pamenepo. Dziwaninso kuti Lolemba ndi tsiku limene ogulitsa ambiri a m'mbali mwa misewu ya Bangkok sagwira ntchito, chifukwa ndi tsiku loyeretsa misewu.

Kuno kumpoto ndikanakonda mukanafika ku msika wa Warorot, kumene kuli soseji wa zonunkhira wotchedwa sai ua, koma sindikulangizani kubwera m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, chifukwa utsi wa moto wa m'minda ndi m'mapiri umaphimba mzinda ndipo umavuta m'chifuwa. Chimene chinandisangalatsa nditangofika ndi kuona ziwala, nkhululu ndi mbozi za m'nsungwi zokazinga zili mulu pathebulo. Alendo ochokera ku Ulaya amangozijambula, koma ine amene ndinakula ndikudya ngumbi ndi mphalabungu ndinagula kathumba, ndipo wogulitsayo anasangalala kwambiri moti anandiwonjezera basela.

Mayi Nachanza, Manchester:
Pamene tikuyamikira zakudyazi, tisaiwale anthu amene amaziphika. Ife timadandaula za kutentha titangoima mphindi zochepa, koma mayi wokazinga nthochi amaima pachiwaya cha mafuta owira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kuyambira mu 2014 akuluakulu a mzinda wa Bangkok akhala akuchotsa ogulitsa m'mbali mwa misewu yambiri ponena kuti akufuna kubwezera njira kwa oyenda pansi, ndipo mu 2017 nkhaniyi inamveka dziko lonse lapansi. Chodabwitsa n'chakuti kumapeto kwa chaka chomwecho, mayi wokalamba wotchedwa Jay Fai, amene amaphika pamakala atavala magalasi otchinga maso, analandira nyenyezi ya Michelin, ulemu wotchuka umene umaperekedwa kwa malo ophika zakudya zabwino koposa. Dziko limanyadira chakudya cha m'misewu pokopa alendo, koma ophika ake ambiri alibe malo okhazikika.

Bambo Tembo, Chipata:
Komatu mayi, oyenda pansi nawonso ali ndi ufulu. Ndaonapo munthu wa panjinga ya olumala akukakamizika kuyenda pakati pa magalimoto chifukwa njira yonse yadzaza ndi mipando ndi mbaula. Mzinda wopanda dongosolo umapweteka ofooka poyamba.

Mayi Nasibeko, Lilongwe:
Nkhani imeneyi ndikuidziwa ndi thupi langa. Mu 2006, pa nthawi ya Operation Dongosolo, mavenda anachotsedwa m'misewu ya mizinda yathu, ndipo achimwene anga anali m'gulu la amene anasamutsidwa. Misewu inayera ndithu, ndipo a Tembo sakunama kuti oyenda anapuma. Koma kumene anapatsidwa malo kunali kutali ndi kumene anthu amadutsa, ndipo wogulitsa chakudya amadalira mapazi a anthu odutsa. Munthu wotopa ndi dzuwa sangayende mtunda kukafuna kathumba ka nanazi, amagula pamene ludzu lamupeza. Masiku a ulendo ndasintha, ndinyamuka Songkran itatha.

Mayi Nasibeko, Bangkok:
Ndafika bwino abale anga, ndipo lero ndi tsiku langa lachinayi. Kutentha kuja simunakokomeze. Ndimagula katundu m'mawa, ndipo masana ena ndimathawira kumalo ozizira amene a Tembo ananena, chifukwa pali nthawi imene thupi limakana. Koma dzulo cha m'ma 3 koloko ndinawoloka mtsinje kupita ku Wang Lang monga a Jere analangizira. Pakona ina ndinapeza gogo wina atakhala pakampando kafupi, patsogolo pake pali chiwaya chachitsulo chokhala ndi timaenje tambiri. Ankathira phala lamadzimadzi la ufa wa mpunga m'kadzenje kalikonse kuchokera m'ketulo, kenako mkaka wa kokonati pamwamba, kwina n'kuwaza chimanga, kwina masamba a anyezi. Atavindikira kwa kanthawi anayamba kutokosola ndi kasipuni, n'kumaphatikiza tiwiritiwiri. Mtsikana amene anali kumbuyo kwanga pamzere anandiuza kuti dzina lake ndi khanom krok. Kunja kunali kokhuthara mokukutika, m'kati kofewa ndi kotentha kwambiri, ndipo gogoyo anandikodola kuti ndiyambe ndauzira ndisanaike m'kamwa. Nditanena kuti aroi, liwu limene ndaphunzira lotanthauza kuti n'zokoma, anasuntha ndowa yake n'kundipatsa malo pamthunzi wa ambulera, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa litapendeka. Che Saidi, m'kanjira ka kuseri kwa kumene ndikugona ndapeza mayi wovala hijabu amene amaphika mpunga wachikasu wa nkhuku uja, ndipo mawa ndikamufunsa masiku amene amagulitsa kuti ndidzakuuzeni.